Kapini kamene kamasunga chingwe cha ndege pa pule

Aliyense amene adapitako kuchigayo cha dizilo m'dera la Mfumu Yaikulu Kadewere m'boma la Chiradzulu amadziwa zimene zimachitika lamba akagwa pa pule. Injini imalira mopepuka ngati yatula katundu, chigayo chimaima, ufa umaleka kutsika, ndipo amayi amene ali pamzere amangoyang'anana. Woyendetsa chigayo amazimitsa injini, kubwezera lamba m'malo mwake, kumukunga pang'ono, ntchito n'kuyambiranso. Wakabaza nayenso tcheni chikamugwera pachitunda amatsika, kuchikoloweka ndi zala, kupukuta girizi paudzu, ulendo n'kupitirira. Onsewa amangotaya mphindi zochepa.

Ndege imene ana a kwa Kadewere amaikuwiza ikamadutsa m'mwamba nayonso kawirikawiri imakhala ndi mapule ndi zingwe m'kati mwake. Kusiyana kwake n'kwakuti woyendetsa ndege alibe poima. Chingwe chikachoka pa pule ali mlengalenga, sangatsike kukachibwezera, ndipo sangachifikire n'komwe chifukwa chimadutsa pansi pa mipando, m'kati mwa mapiko ndi kumchira. N'chifukwa chake akatswiri opanga ndi kukonza ndege amaika maganizo awo ambiri pa funso looneka laling'ono: kodi chingwe chimenechi chikhala bwanji m'ngalande ya pule nthawi zonse, kukatentha ndi kukazizira, ndege ikamagwedezeka ndi mphepo, ngakhalenso pamene chakhwepa?

Mmene dzanja la woyendetsa limafikira kumchira

Ndege imawongoleredwa ndi zigawo zitatu zikuluzikulu zimene zimapindika ngati chitseko pa mahinji ake. Kumapeto kwa mapiko kuli tizigawo totchedwa aileron, timene timapendeketsa ndege kumanja kapena kumanzere. Kumchira kuli elevator, imene imadzutsa kapena kuweramitsa mphuno ya ndege kuti ikwere kapena itsike. Kumchira komweko, pachipsepse choimirira, kuli rudder, imene imatembenuza mphuno kumanja kapena kumanzere monga chimachitira chiwongolero cha bwato. Woyendetsa amagwira chiwongolero ndi manja ndipo amaponda mapedulo awiri ndi mapazi. Mphamvu ya manja ndi mapaziwo imayenera kuyenda mamita angapo kuti ikafike ku zigawo zija.

Njira yakale kwambiri yoyendetsera mphamvuyo ndi chingwe. Wilbur ndi Orville Wright, amene adauluka ndi ndege ya injini pa 17 Disembala 1903 pafupi ndi Kitty Hawk ku United States, ankapotoza mapiko a ndege yawo ndi mawaya odutsa pa mapule. Anthu awiriwa adali okonza ndi kugulitsa njinga, ndipo nzeru za tcheni ndi waya adazitengera kumeneko. Papita zaka zoposa 120, koma njirayo idakalipo. Ndege zing'onozing'ono za mtundu wa Cessna, zonga zimene zimanyamula alendo kupita ku Likoma kapena ku Mfuwe m'dziko la Zambia, zimawongoleredwa ndi zingwe. Ngakhale Boeing 737, mtundu wa ndege umene kampani ya Malawi Airlines imagwiritsa ntchito pa mabwalo a Chileka ndi Kamuzu, ili ndi zingwe zochokera kwa woyendetsa kupita ku makina a hydraulic, amene amawonjezera mphamvu yokankhira zigawo zowongolera. Ndege zina, monga Airbus A320 imene idayamba kunyamula anthu mu 1988, zimatumiza malamulo a woyendetsa kudzera mu kompyuta ndi nthambo za magetsi, koma ndege zikwizikwi padziko lapansi zikudalirabe chingwe chachitsulo.

Chingwe chili ndi khalidwe limodzi limene aliyense wotunga madzi pachitsime amalidziwa: chimakoka, sichikankha. Pachifukwa ichi zingwe za ndege zimayenda ziwiriziwiri. China chimakokera elevator m'mwamba, chinzake chimaikokera pansi, ndipo zonse pamodzi zimapanga mkombero wotsekeka. Chimodzi chikaduka, chikakhwepa kapena chikachoka pa pule, mkombero wonse wasokonezeka.

Chingwe chenicheni ndi chotani

Chingwe cha ndege sichikhala waya mmodzi. Chimapotedwa ndi timawaya tambiri tating'ono kwambiri, monga mmene amapotera chingwe cha khonje. Mtundu wofala pa mapule ndi umene amautcha 7x19, kutanthauza mitolo 7 ya timawaya 19 uliwonse, tonse pamodzi 133. Pali wina wotchedwa 7x7, wa timawaya 49, umene ndi wouma pang'ono ndipo umayenera malo opanda ngodya zambiri. Kuchuluka kwa timawaya ndiko kumachititsa chingwe kupindika mosavuta pozungulira pule popanda kuthyoka msanga.

Malamulo a bungwe loyang'anira za ndege ku United States la Federal Aviation Administration, FAA mwachidule, adakhazikitsa kuti chingwe cha zigawo zikuluzikulu zowongolera chisachepere gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a inchi, omwe ndi mamilimita atatu ndi kachidutswa. Chingwe cha msinkhu umenewu ndi chochepa kuposa pensulo, koma cha 7x19 chimatha kunyamula makilogalamu pafupifupi 900 chisanaduke, kulemera kwa matumba 18 a chimanga a makilogalamu 50. Mphamvu imene woyendetsa amakokera ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi imeneyi. Choncho chingwe chatsopano, choikidwa bwino, sichiduka chifukwa cha kukoka. Chimene chimachipha ndi kukhuzika pamalo olakwika, dzimbiri, ndi kuchoka m'njira yake.

Pule ndi mlonda wake

M'kati mwa ndege mulibe njira yowongoka kuchokera kutsogolo kufika kumchira. Chingwe chimayenera kutsika pansi pa mipando, kukhota kulowa m'phiko, kulambalala thanki ya mafuta, kukweranso kumchira. Pa ngodya iliyonse pamakhala pule, kagudumu kokhala ndi ngalande m'mphepete mwake, kopangidwa ndi aluminiyamu kapena pulasitiki wolimba wotchedwa phenolic, kozungulira pa beyaring'i yotsekeredwa girizi m'kati.

Malamulo a FAA aja amanena zinthu zingapo zokhudza pule. Choyamba, mtundu ndi kukula kwa pule kuyenderane ndi chingwe chake. Ngalande ikakula kwambiri chingwe chimaphwatalala pansi pake. Ikachepa chingwe chimapanika n'kumadya m'mbali. Chachiwiri, pule iime molunjika ndi chingwe, kuti chingwecho chisamakhuze mlomo wa ngalande polowa ndi potuluka. Woyendetsa chigayo amadziwa kuti pule ya injini ikapanda kulunjika ndi ya chigayo, lamba amayenda chammbali mpaka kugwa, ngakhale amukunge chotani. Chachitatu, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, pule iliyonse ikhale ndi chotchinga choyandikana nayo kwambiri, choletsa chingwe kutuluka kapena kukodwa ngakhale chitakhwepa.

Chotchingacho nthawi zambiri ndi kapini kachitsulo kamene kamapingasa pamwamba pa ngalande, kolowa m'zitsulo ziwiri zimene zagwira pule uku ndi uku. Kapiniko sikakhudza pule ndipo sikakhudza chingwe. Kamangokhala pafupi kwambiri, kusiya mpata wochepa kuposa kunenepa kwa chingwe, kotero kuti chingwe chikafuna kudumpha chimagunda kapiniko n'kubwerera m'ngalande. Kumapeto kwake kamatsekedwa ndi pini ina yopinda miyendo kuti kasasololoke ndi kunjenjemera kwa injini. Pa pule imene chingwe chimaizungulira kwambiri amaikapo timapini tiwiri kapena kuposerapo, kapena chitsulo chopindika chokuta mbali ya pule.

Kufunika kwake kumaoneka mukaganizira zimene zimachitika chingwe chikadumpha. Mwina chimangolendewera, ndipo woyendetsa amapeza chiwongolero chikuseweraseweratu popanda ndege kumvera. Choopsa kwambiri n'chakuti chimagwera pakati pa pule ndi chitsulo chogwira pule, n'kupanika pamenepo ngati mphanda. Zikatero chiwongolero chimauma pamalo amodzi, ndipo woyendetsa akamalimbana nacho ndi mphamvu, chingwe chimamka chilowerera.

Kapini komweko kamasanduka mdani kakaikidwa molakwika. Cholakwa chodziwika bwino pakati pa okonza ndege n'kudutsitsa chingwe pamwamba pa kapini m'malo mwa pansi pake. Zimachitika chifukwa mapule ambiri ali m'malo obisika, m'mene makaniko amagwira ntchito ndi dzanja limodzi, akuyang'ana kudzera pa kagalasi ndi tochi. Chingwe choikidwa chotero chimayendabe, ndipo chiwongolero chimamvera, kungoti chimalemera pang'ono. Koma nthawi iliyonse woyendetsa akakhotetsa, chingwe chimachekana ndi kapini ngati sowo pachitsulo. Timawaya timaduka kamodzikamodzi kwa masabata kapena miyezi, popanda woona.

Pamene chingwe chikungodutsa molunjika pafupi ndi chitsulo china, saikapo pule. Amaikapo kachibowo kosalala ka pulasitiki kotchedwa fairlead, kongoteteza chingwe kuti chisakhuzike. Lamulo limati kachibowo kameneka kasakhotetse chingwe kupitirira madigiri atatu. Ngodya yoposa pamenepo ndi ntchito ya pule.

Kukunga mwa muyezo

Chotchinga ndi mlonda wotsiriza. Mlonda woyamba ndi kukungika kwa chingwe. Chingwe chokhwepa chimakwapula m'kati mwa ndege mphepo ikavuta, chimachedwetsa malamulo a woyendetsa, ndipo chikhoza kulola chigawo chowongolera kuyamba kupupuma chokha mwaliwiro, vuto limene limatha kung'amba phiko kapena mchira m'kanthawi kochepa. Chingwe chokungika mopitirira chimalemeretsa chiwongolero, chimadya ngalande ya pule, chimawononga beyaring'i ndi kupinda zitsulo zogwira mapule. Muyezo woyenera umalembedwa m'buku la wopanga ndege, pa chingwe chilichonse payekhapayekha.

Pokunga amagwiritsa ntchito kachipangizo kotchedwa turnbuckle, kachubu kamkuwa kokhala ndi mazinga a kumanja mbali ina ndi a kumanzere mbali inayo. Mukakapotokola mbali imodzi kamakoka nsonga ziwiri za chingwe kuti ziyandikane, mukakabweza kamazitalikitsa. Lamulo la ntchito limati mazinga otsala kunja asapitirire atatu mbali iliyonse, kuti pakhale chitsimikizo chakuti okwanira alowa m'kati. Akamaliza amakamanga ndi waya wapadera kapena timakilipi kuti kasamasuke kokha. Kukungikako sakuyeza ndi chala monga achitira woimba gitala. Pali chida chotchedwa tensiometer, chimene chimapana chingwe, kuchipinda pang'ono, n'kuonetsa nambala.

Nambalayo imasinthanso ndi nyengo, ndipo chifukwa chake chili m'zitsulo zimene ndege idapangidwa nazo. Thupi la ndege zambiri ndi la aluminiyamu, pamene chingwe ndi chachitsulo cholimba. Kukatentha zonse zimatalika, kukazizira zimafupika, koma aluminiyamu amachita zimenezi pafupifupi kawiri kuposa chitsulo. Mita imodzi ya aluminiyamu imasintha ndi mamilimita pafupifupi 0.023 pa digiri iliyonse, pamene ya chitsulo imasintha ndi pafupifupi 0.012.

Tiyerekeze ndege yaing'ono imene yaima padzuwa la Okutobala pa Chileka. Ikanyamuka, mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse imene yakwera. Pofika mamita 3,000 kutentha kwatsika ndi madigiri pafupifupi 20. Pa utali wa mamita 10, thupi la ndege lafupika ndi mamilimita 4.6, chingwe ndi mamilimita 2.4 okha. Chingwe chatsala chotalikirapo ndi mamilimita awiri, ndiye kuti chakhwepa pang'ono. Ndege ikatsikira kotentha, thupi limatalikanso n'kuchikunga. Choncho makaniko amene akukunga chingwe m'mawa wa chiperoni mu Juni sangagwiritse nambala yomweyo imene angagwiritse masana a Okutobala. Buku limakhala ndi tchati chosonyeza nambala yoyenera pa kutentha kulikonse, ndipo ndege imayenera kukhala pamthunzi kwa nthawi kuti thupi lonse lifanane kutentha asanayeze. Ndege zikuluzikulu, zimene zimafika kumene kumazizira kupitirira madigiri 50 pansi pa ziro, zimakhala ndi zipangizo za masipuling'i zimene zimasunga kukungika kofanana paulendo wonse.

Maphunziro olipiridwa ndi miyoyo

Zambiri mwa malamulo amenewa zidalimbitsidwa pambuyo pa maliro. Pa 8 Januwale 2003, ndege ya mtundu wa Beechcraft 1900D ya kampani ya Air Midwest idanyamuka pabwalo la Charlotte m'chigawo cha North Carolina ku United States. Itangochoka pansi mphuno yake idadzuka mopitirira, oyendetsa adakankha chiwongolero kuti aiweramitse koma sizidatheke, ndipo pasanathe mphindi imodzi idagwera pambali pa nyumba yokonzeramo ndege. Anthu onse 21 amene adali m'ndegemo adamwalira.

Bungwe lofufuza ngozi la National Transportation Safety Board lidapeza kuti masiku awiri m'mbuyomo, usiku, ndegeyo idakonzedwa ku Huntington m'chigawo cha West Virginia. Makaniko amene adakunga zingwe za elevator adali asanagwirepo ntchitoyo pa ndege ya mtundu umenewu, ndipo iye ndi womuyang'anira adadumpha ndondomeko zingapo za m'buku poganiza kuti n'zosafunika. Zotsatira zake, elevator imene imayenera kupindikira pansi madigiri pafupifupi 14 inkangofika pa 7. Ndegeyo idayenda maulendo angapo popanda vuto looneka. Tsiku la ngozi idanyamula katundu wopitirira muyezo, wolemera chakumbuyo, ndipo pamenepo ndi pamene madigiri osowa aja adafunika. Ofufuza adadandaulanso kuti munthu amene ankaphunzitsa makanikoyo ndi yemweyo amene adasainira kuti ntchito yayenderedwa.

Pa 9 Ogasiti 2007, ndege ya mtundu wa Twin Otter ya kampani ya Air Moorea idanyamuka pachilumba cha Moorea kupita ku Tahiti, ulendo wa mphindi zosakwana khumi m'nyanja ya Pacific. Itangokwera pang'ono idaweramira pansi n'kulowa m'nyanja, ndipo anthu onse 20 adamwalira. Bungwe lofufuza la dziko la France, BEA, lidapeza kuti chingwe chokokera elevator m'mwamba chidaduka pamalo amene chidaperepeseka chifukwa chokhuzana ndi kachibowo kodutsamo. Chingwecho chidali cha chitsulo chosachita dzimbiri, chimene chimapirira mchere wa m'nyanja koma chimaperepeseka msanga kuposa chitsulo wamba. Ndegeyo inkayenda maulendo afupiafupi ambiri patsiku, choncho zingwe zake zinkagwira ntchito yochuluka kuposa mmene maola ouluka ankasonyezera. Ofufuza adaonanso kuti mphepo yamphamvu yotuluka m'mainjini a ndege zikuluzikulu iyenera kuti idamenya mchira wa ndegeyo ili poimika, n'kudula timawaya tina m'chingwe chofooka kalecho.

Ngozi yachitatu imaphunzitsa za njira imene zingwe zimadutsa. Pa 3 Malichi 1974, ndege yaikulu ya DC-10 ya Turkish Airlines idanyamuka ku Paris kupita ku London. Chitseko cha chipinda cha katundu, chimene sichidatsekeke bwino, chidazuka ili m'mwamba. Mpweya udatuluka mwamphamvu, pansi pa chipinda cha anthu padagumukira, ndipo zingwe zopita kumchira, zimene zinkadutsa pamenepo, zidaduka ndi kupanika. Anthu onse 346 adafera m'nkhalango ya Ermenonville. Pambuyo pake ndege zikuluzikulu zidalamulidwa kulimbitsa pansi pake ndi kuika mipata yotulukira mpweya, ndipo opanga ndege amayesetsa kupatula njira za zingwe kuti chinthu chimodzi chisazidule zonse nthawi imodzi.

Nsanza, tochi ndi maso awiri

Zida zoyendera zingwe n'zosavuta modabwitsa. Makaniko amatenga kansalu, kukulunga chingwe, n'kukayendetsa utali wonse. Kawaya kakaduka, nsonga yake imakola nsaluyo. Sachita ndi dzanja lopanda kanthu chifukwa kawayako kamabaya ngati singano. Malangizo a FAA amati pamalo amene chingwe chimayenda pa pule kapena m'kachibowo, ndiponso pafupi ndi nsonga zake, kawaya kamodzi koduka n'kokwanira kuti chingwe chonse chichotsedwe. Chifukwa chake n'chakuti chingwe chimathanso kutha kuyambira m'kati, m'mene timawaya timakhuzana tokhatokha chikamapindika, ndipo kamene kaonekera kunja kangakhale kakulengeza za tinzake tambiri tobisika.

Popeza mbali ya chingwe imene yagona pa pule siioneka, mnzake amasuntha chiwongolero mpaka kumapeto uku ndi uku kuti mbali yobisikayo itulukire. Pokayikitsa amamasula chingwe n'kuchipinda pang'ono kuti timawaya toduka tidzuke. Amayang'ananso malo onyezimira osalala, pamene timawaya takunja taphwatalala mpaka kuoneka ngati tasungunukirana, komanso dzimbiri, limene limakonda malo a chinyezi monga pafupi ndi batire, pansi pa chimbudzi cha m'ndege ndi m'zipinda za matayala.

Pule nayo imasimba mbiri yake kwa wodziwa kuwerenga. Ngalande imene yadindika maonekedwe a chingwe imasonyeza kukunga kopitirira. Ngalande yodyeka mbali imodzi imasonyeza kuti pule siidalunjike. Malo amodzi ophwatalala amasonyeza kuti beyaring'i idauma, pule idaleka kuzungulira, ndipo chingwe chakhala chikukwekwerezeka pamwamba pake. Mapule ambiri a m'ndege sazungulira mkombero wathunthu. Amangopita patsogolo pang'ono n'kubwerera, choncho amadyeka malo amodzi. Makaniko wosamala amazunguza pule yotere ndi chala kuti chingwe chigone pamalo atsopano. Kenako amatsimikiza kuti kapini kotchinga kalipo, katsekedwa, ndipo chingwe chadutsa pakati pa iko ndi ngalande.

Nyengo ya kuno kwathu ili ndi zake zofuna tcheru. Fumbi la m'chilimwe, makamaka pa mabwalo adothi, likasakanikirana ndi mafuta a pachingwe limasanduka ngati mchenga wokwechera mapoto. Chinyezi cha m'dzinja chimaitana dzimbiri. Ndege yokhalitsa pansi imakopa mbalame, makoswe ndi mavu omanga zisa m'malo obisika. Palinso adani obwera ndi anthu: sipanala yoiwalika, nati yogwa, ndalama yachitsulo kapena cholembera chimene chalowa pansi pa mipando. Chilichonse mwa izi chikhoza kugudubuzika mpaka kukatsamira pa pule. N'chifukwa chake m'nyumba zokonzeramo ndege zida zimawerengedwa poyamba ndi pomaliza ntchito, ndipo ndege siituluka chida chimodzi chikasowa.

Pamwamba pa zonsezi pali lamulo la maso awiri. M'maiko ambiri, ntchito iliyonse imene yakhudza zingwe zowongolera imayenera kuyenderedwa ndi munthu wachiwiri wovomerezeka amene sadagwire nawo ntchitoyo. Iyeyu salandira mawu apakamwa, pakuti kandimverere adakanena za m'maluwa. Amatenga tochi yake, kutsata chingwe kuyambira kuchiwongolero mpaka kumapeto, pule ndi pule, kuyeza madigiri amene chigawo chilichonse chikupindika, ndi kuona ngati chikupita mbali yoyenera. Mbali yoyenerayo ndi nkhani yaikulu, chifukwa zachitikapo kuti zingwe ziwiri zidasinthanitsidwa, woyendetsa n'kukhotetsera kumanja ndege n'kupendekera kumanzere. Onse awiri akakhutira amasaina m'buku la ndege, aliyense dzina lake, ndipo siginecha imeneyo ndi imene ofufuza amayamba kuifuna zinthu zikalakwika.

Woyang'ana wotsiriza ndi woyendetsa mwiniwake. Amene adakhalapo pafupi ndi zenera pa Chileka kapena pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi mwina adaonapo tizigawo ta kumapiko tikukwera ndi kutsika ndege isananyamuke. Uko ndi kuyesa. Woyendetsa amasuntha chiwongolero ndi mapedulo mpaka kumapeto, akumvetsera ndi manja ngati pali kulemera kwachilendo, kukhakhala, kapena kusewera. Akamva chokayikitsa amabwerera, ndipo apaulendo amauzidwa kuti ndege ichedwa pa zifukwa za umisiri.

Zimene wapaulendo angatolepo

Uthenga wotere umakwiyitsa, makamaka kwa amene akuthamangira kukakwera ndege ina ku Johannesburg kapena ku Addis Ababa. Koma nkhani ya ku Charlotte ikusonyeza mtengo wa ndondomeko yodumphidwa pofuna kumaliza msanga. Kuti makaniko afike pa pule imodzi yokayikitsa, nthawi zina amayenera kuchotsa mipando, kutsegula pansi, kuyeza, kutsekanso, ndi kudikira woyendera wachiwiri. Maola awiri kapena atatu amatha mosavuta pa ntchito yotere, ndipo palibe njira yachidule imene buku limalola.

Ngozi zochokera ku zingwe n'zosowa kwambiri poyerekeza ndi maulendo mamiliyoni amene ndege zimayenda chaka chilichonse. Kusowa kwake kumachokera ku dongosolo la alonda otsatizana: chingwe champhamvu kuposa ntchito yake, pule yoyenerana nacho, kukunga kwa muyezo, kapini kotchinga, kuyendera kwa nthawi ndi nthawi, maso achiwiri, ndi kuyesa kwa woyendetsa. M'ngozi zimene tatchulazi, alonda angapo adalephera motsatizana tsoka lisanagwe.

Kwa mnyamata kapena mtsikana wa kwa Kadewere amene amakonda kuthandiza pokonza njinga kapena kuonerera amisiri a pachigayo, ntchito yokonza ndege siili kutali ndi zimene akuziona kale. Imafuna masamu, sayansi ndi Chingerezi chokwanira kuwerenga buku la wopanga ndege mzere ndi mzere, kenako zaka za maphunziro ndi mayeso a laisensi. Koma mafunso amene injiniya wa ndege amadzifunsa ataweramira pansi pa mipando ndi tochi m'dzanja ndi omwe aja a pachigayo: kodi pule yalunjika, kodi chingwe chakungika mokwanira, nanga chikakhwepa, n'chiyani chidzachiletsa kugwa? Pachigayo yankho lolakwika limachedwetsa nsima ya madzulo. M'ndege, injiniya amayenera kulipeza yankho lolondola ndege idakali pansi, n'kulisainira dzina lake asanalole munthu aliyense kukwera.